Naomi wa ku Japan si Naomi wa m'Baibulo

Ambirife tikamva dzina lakuti Naomi timakumbukira apongozi ake a Rute, mayi wa ku Betelehemu amene mwamuna wake ndi ana ake awiri anamwalira ku Mowabu. Dzina lakelo ndi la Chihebri ndipo limanena za kukoma. N'chifukwa chake atabwerera kwawo ali wosweka mtima anapempha kuti azimutchula Mara, kutanthauza kuwawa. Ku Japan nakonso kuli a Naomi ambiri, koma dzina lawo silinachokere m'Baibulo. Mayina awiriwa anangofanana kamvekedwe.

Ku Japan tanthauzo la dzina limakhala m'kalembedwe kake. Anthu akumeneko amalemba ndi zilembo zotchedwa kanji, zomwe anazitenga ku China zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo lakelake. Naomi wodziwika kwambiri amalembedwa 直美. Chilembo choyamba, nao, chimanena za chinthu chowongoka, munthu woona mtima wopanda chinyengo. Chachiwiri, mi, ndi kukongola. Makolo osankha zilembo zimenezi amafunira mwana wawo kukongola kopanda chinyengo ndi bodza, kochokera mumtima. Mi yemweyu ndi amene amamveka kumapeto kwa mayina ena a atsikana monga Akemi ndi Mayumi.

Makolo ena amalemba 尚美, pomwe nao akunena za kulemekeza chinthu. Enanso amasankha zilembo zitatu, 奈緒美, potsata kamvekedwe ka na, o ndi mi. Choncho atsikana atatu a m'kalasi imodzi akhoza kuyankha onse mphunzitsi akaitana Naomi, koma pa pepala mayina awo n'kukhala osiyana. Mukakumana ndi Naomi wa ku Japan, musathamangire kumuuza tanthauzo la dzina lake. Mufunseni mmene amalilembera. Funso limeneli kwawoko ndi la ulemu, ndipo anthu amafunsana kawirikawiri.

Sikuti makolo amangotola chilembo chilichonse. Mwana amayenera kulembetsedwa kuboma pasanathe masiku 14 chibadwire, ndipo zilembo za kanji zololedwa m'mayina zilipo pafupifupi 3,000. Mwamwambo, dzinalo limalengezedwa usiku wachisanu ndi chiwiri pa mwambo wa oshichiya, litalembedwa bwinobwino pa pepala ndi burashi.

Pali ena amene salemba ndi kanji n'komwe. Naomi Osaka, katswiri wa tenisi amene anabadwa mu 1997 kwa mayi wa ku Japan ndi bambo wa ku Haiti, dzina lake limalembedwa なおみ, ndi zilembo za hiragana zomwe zimangoimira mawu otuluka pakamwa. Kwa ine dzinali linamukhala bwino kwambiri, chifukwa achibale a mbali zonse ziwiri amatha kulimva ngati lakwawo.

Ngakhale masiku ano ambiri otchedwa Naomi ndi akazi, dzinali lapatsidwaponso kwa amuna. Naomi Uemura, amene mu 1978 anafika yekha ku North Pole, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pa ngolo yokokedwa ndi agalu, anali bambo. Iye ankalemba 直己: nao yemwe uja wowongoka, koma mi wake akutanthauza munthu mwiniwake. Anasowa mu 1984 pa phiri la Denali ku Alaska, atangofika kumene pansonga pake yekhayekha m'nyengo yachisanu.