Sitima ya ku Wiesbaden yokwera phiri ndi madzi

Mzinda wa Wiesbaden ku Germany udatchuka ndi madzi kuyambira kalekale. Aroma ankasamba mu akasupe ake otentha, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anthu achuma ochokera m'maiko ambiri a ku Ulaya ankabwera kuno kudzafuna thanzi. Akasamba, ankafuna kukapitidwa mphepo paphiri la Neroberg, pomwe pali tchalitchi cha madenga agolide chomwe Duke Adolf, yemwe ankalamulira dera la Nassau, adamanga pokumbukira mkazi wake wa ku Russia yemwe adamwalira pobereka mu 1845. Koma munthu wa nyamakazi chitunda ngati chimenechi sangachithe wapansi.

N'chifukwa chake pa 25 September 1888 adatsegula njanji ya Nerobergbahn. Ndi yaifupi, mamita 438 okha, koma imakwera mamita 83.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti mabogi ake awiri alibe injini. Adawamanga ku chingwe chimodzi chachitsulo chomwe chimazungulira pa gudumu pamwamba pa phiri. Bogi yomwe ili pamwamba amaithira madzi m'thanki ya kunsi kwake, mpaka malita 7,000 ngati anthu okwera kuchokera pansi achuluka. Ikalemera kuposa inzake imayamba kutsika yokha, uku ikukoka inzakeyo, ndipo ziwirizi zimapatukirana pakati pa njira. Ntchito ya woyendetsa ndi kugwira buleki, yomwe imaluma pa njanji ya mano yomwe ili pakati. Bogi ikafika pansi imakhuthula madzi aja, pampu n'kuwabwezera kumtunda. Nyengo yozizira sitimayi imapuma, poti madzi angaundane m'mathanki.

Sitima zambiri za mtundu uwu adazisinthira ku magetsi kapena kuzitseka. Iyinso inkapita komweko: mu 1939 padali mapulani oti aiike magetsi ndi mabogi akuluakulu, koma Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse idayimitsa zonse. Nkhondo yomweyo idaitseketsa mu 1944, ndipo sitimayi idayambanso kunyamula anthu onse mu 1948, ikuyendera madzi monga kale. Ndimaona kuti adachita bwino osabwereranso ku mapulani aja. Mu 1988, itakwanitsa zaka 100, boma la chigawo cha Hesse, komwe kuli Wiesbaden, lidaiika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi lamulo, ndipo mabogi ake achikasu ndi abuluu amafikabe pamwamba m'mphindi zitatu ndi theka.