Adokotala akati "palibe vuto": mafunso ndi mayankho pa ufulu wa wodwala

Mu 1981, bungwe la madokotala la World Medical Association linavomereza mumzinda wa Lisbon chikalata cha ufulu wa odwala, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo awoawo ofanana nacho. Komabe anthu ambiri amatuluka m'chipinda cha dokotala osadziwa ngati amvedwa kapena angobwezedwa mwaulemu.

Ndingadziwe bwanji kuti dandaulo langa lapeputsidwa?

Tcherani khutu ku mayankho othamangira: "Ndi maganizo chabe." "Ndi ukalamba umenewo." "Muchepetse thupi, zitha zokha." "Azimayi onse amamva choncho." Mawu amenewa nthawi zina amakhala oona. Vuto limakhalapo akanenedwa asanakufunseni kuti ululu unayamba liti, asanakugwireni pamene pakupwetekapo, asanakuyezeni ngakhale kutentha kwa thupi. Inu mukufotokozabe, cholembera chayamba kale kulemba mankhwala, maso ali pakhomo pamene pakudikira wodwala wina.

Kudula mawu kotereku si kwachilendo. Mu 1984, ofufuza awiri a ku America, Beckman ndi Frankel, anapeza kuti madokotala amene anawatsatira ankadula mawu wodwala atangolankhula masekondi pafupifupi 18. Chizindikiro china ndi kubwerera kangapo ndi vuto lomwelo, n'kumapatsidwa mankhwala omwewo, popanda wofunsa chifukwa chake sakugwira.

Ndiye dokotala akakana zimene ndikufuna, wandipeputsa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Dokotala amene wakana kukupatsani maantibayotiki pa chimfine wachita bwino, chifukwa chimfine chimayamba ndi vairasi ndipo mankhwalawo samuchita kanthu. Wokana kukujambulani popanda chifukwa nayenso angakhale akukutetezani.

Kusiyana kwake kuli pa kufotokoza. Amene wakumverani amatha kunena chimene akuganiza kuti chikukuvutani, chifukwa chimene akuonera kuti si matenda oopsa aja mukuopawo, ndi zimene muyenera kubwerera nazo msanga zikaoneka. Amene wakupeputsani amangoti "palibe vuto", nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale zotsatira za kuyeza magazi zikatuluka zabwino, zimangonena kuti chimene anayezacho chili bwino. Sizitanthauza kuti ululu wanu ndi wongopeka.

Kodi pali anthu amene zimawachitikira kwambiri?

Alipo. Matenda a endometriosis (minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero ikamera kunja kwa chiberekerocho), amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amagwira pafupifupi mzimayi mmodzi mwa khumi alionse a msinkhu wobereka, amatenga zaka asanazindikiridwe, chifukwa ululu wake amautenga ngati tsungu wamba wa kumwezi. Mtima ukamafuna kuima, mzimayi angamve mseru, kubanika, kapena kupweteka kwa nsagwada ndi msana, ndiye n'kuuzidwa kuti ndi nkhawa. Odwala sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, akapempha mankhwala amphamvu opha ululu amakayikiridwa kuti angowazolowera. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi cha munthu amene anadwalapo matenda a maganizo: akangoona zimenezo m'fayilo mwake, chilichonse chimene anganene chimaikidwa pa mutu wake, ngakhale vuto lili m'mimba.

Chikalata cha ku Lisbon chija chimandipatsa ufulu wanji?

Wopempha maganizo a dokotala wina nthawi ina iliyonse, wouzidwa za matenda anu m'njira yoti mumvetse, wodziwa zimene zalembedwa m'fayilo yanu, komanso wovomera kapena kukana chithandizo. Chikalatachi si lamulo loti mungakasume nalo kukhoti. Mphamvu ya lamulo ili m'malamulo a dziko limene mukukhala.

Ndinene chiyani ndili m'chipindamo?

Musayambe ndi kukalipa, chifukwa nkhani imachoka pa matenda n'kupita pa khalidwe lanu. Yambani ndi chimene chikukuopsani kwambiri, osachisunga mpaka mukuimirira. Nenani zogwirika: m'malo moti "ndimatopa", nenani kuti mwezi watha mumakwera masitepe osapuma, pano mumaima pakati. Lembani kunyumba tsiku limene zinayamba ndi mankhwala amene mwamwa kale.

Kenako funsani modekha: "Adokotala, kupatula zimenezo, chingakhalenso chiyani?" "Zikapanda kusintha, ndibwerere liti?" Akakana kukuyezani, pemphani kuti alembe m'fayilo kuti munapempha, ndi chifukwa chimene akanira. Pempho limeneli limachititsa munthu kuganiza kawiri. Ngati mumachita mantha pamaso pa dokotala, pitani ndi wina woti akathandize kufunsa ndi kukumbukira.

Nanga wodwala ali m'wodi, zikuipiraipira, koma achibale sakumvedwa?

Apa musadikire mawa. Mu 2021, mtsikana wa zaka 13, Martha Mills, anamwalira m'chipatala china ku London ndi matenda a sepsis (thupi likamadziwononga lokha polimbana ndi tizilombo tolowa m'thupi), atavulala kapamba pogwa pa njinga. Makolo ake anali atanena nkhawa zawo, ndipo wofufuza za imfayo ananena kuti mwina akanapulumuka akanamusamutsira msanga kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Kuyambira mu 2024, zipatala za ku England zinayamba kutsatira ndondomeko yotchedwa Martha's Rule, imene imalola wodwala kapena achibale kuitana gulu lina la madokotala kuti lidzamuonenso mwachangu.

Kumene kulibe ndondomeko yotere, pemphani mkulu wa anamwino pa wodiyo kapena dokotala wamkulu, ndipo nenani chimene chasintha: akupuma mofulumira, wayamba kusokonezeka, sanakodze kuyambira m'mawa.

Ndikafuna kudandaula pambuyo pake, ndipite kuti?

Yambani ndi akuluakulu a chipatalacho, polemba kalata yonena tsiku, zimene munanena ndi zimene munayankhidwa, ndipo musunge ina yofanana nayo. Zikakanika, pitani ku bungwe limene limapereka ziphaso kwa madokotala kapena anamwino m'dziko lanu. Madandaulo amatenga nthawi kuti ayankhidwe, choncho kaonaneni ndi dokotala wina uku mukudikira.