Ku Ireland wakale, ufumu sunkangopita kwa mwana woyamba

Ambiri amaganiza kuti ku Ireland kalelo mfumu ikamwalira, mwana wake wamwamuna woyamba ndiye ankalowa ufumu. Sizinali choncho. Azichimwene a mfumuyo, ana a azibambo ake aang'ono ngakhalenso achibale ena a kuchimuna ankatha kuulimbirana. Wopambana ankakhala amene ali ndi ng'ombe zambiri, anthu ambiri omutsatira komanso mphamvu pankhondo. Malamulo awo ankafunanso kuti mfumu isakhale ndi chilema, n'chifukwa chake ena ankakolowola maso achibale awo kuti asawapikisenso. Nkhanza zedi.

Taonani ufumu wa Tara, mpando wa mfumu yaikulu ya Ireland. Áed Findliath wa fuko la Cenél nEógain, nthambi imodzi ya banja lachifumu la Uí Néill, atamwalira mu 879, mpando sunapite kwa mwana wake. Anautenga Flann Sinna wa Clann Cholmáin, nthambi ina ya Uí Néill. Niall Glúndub, mwana wa Áed, anadikira mpaka 916, koma anangolamulira zaka zitatu, n'kuphedwa ndi ma Viking, ankhondo ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupi ndi Dublin mu 919. Kenako ufumu unabwerera kwa Donnchad, mwana wa Flann.

Kusinthanaku anadzakusokoneza ndi Brian Boru mu 1002, munthu wa ku Munster, chigawo chakummwera kwa Ireland, amene sanali wa Uí Néill n'komwe.