Kodi kulimbana ndi ziphuphu kunathamangitsadi alendo ku Macau?

Ndatopa nayo nkhani yakale ija yoti boma likakhwimitsa nkhondo yolimbana ndi ziphuphu, alendo amathawa ndipo ntchito zokopa alendo zimafa. Onena zimenezi amakonda kuloza ku Macau, mzinda wa makasino ku China, kuti umboni uli kumeneko.

Choona chilipo pang'ono. China itayamba kuthana ndi katangale mwamphamvu kumapeto kwa 2012, ndalama za juga ku Macau zinatsikadi, kuchoka pa mapataca (dzina la ndalama za ku Macau) pafupifupi 360 biliyoni mu 2013 kufika pa 231 biliyoni mu 2015. Koma anasowawo ndi ndani? Makamaka anali ampondamatiki ochepa, ena akuluakulu a boma, ena amalonda, omwe ankatchova juga ya makadi ya baccarat m'zipinda zapadera, nthawi zambiri ndi ndalama zokongozedwa ndi anthu owaperekeza. Amenewa ndiwo anayamba kuopa kuonekera. Nthawi yomweyo chuma cha China chinali chitachepa liwiro, choncho chifukwa sichinali chimodzi.

Alendo wamba sanathawe ayi. Mu 2013 anapitirira 29 miliyoni, mu 2015 anapitirira 30 miliyoni, ndipo mu 2019 anakwana 39 miliyoni. Kwa ine, apa ndiye pagona nkhani.

Chonde, musamangotumiza mauthenga otere pa WhatsApp musanafufuze. Boma la Macau limatulutsa ziwerengero zake pa intaneti mwezi ndi mwezi. Onani ndalama za juga pazokha, chiwerengero cha alendo pachokha, kenako mufanizire chaka ndi chaka.