Kuswetsa sturgeon zazikazi zokhazokha: pamene sayansi ya makromozomu yafika

Mlimi wa makumba kuno kwathu akamasankha mbewu yoika m'damu, maso ake amakhala pa nsomba zazimuna. Zazikazi zimathera mphamvu pa mazira, zimafungatira ana m'kamwa osadya, ndipo damu limadzaza tinsomba tosakula. Kwa oweta nsomba zikuluzikulu zotchedwa sturgeon ku Ulaya, ku China ndi ku America, nkhani yake ndi yotembenuka. Ndalama zawo zili m'mimba mwa yaikazi. Mazira ake akathiridwa mchere ndiye caviar, chakudya chogulitsidwa m'tizitini ting'onoting'ono pa mtengo woti munthu wamba ataumva angagwire pakamwa.

Chovuta ndi nthawi. Sturgeon ya ku Siberia imakhala pa famu zaka 6 mpaka 8 isanakhwimitse mazira, ndipo mtundu wina wa sturgeon, beluga, ya m'chilengedwe imadutsa zaka 15. Poiyang'ana kunja simungadziwe kuti iyi ndi yaimuna kapena yaikazi. Mlimi amangodyetsa zonse kwa zaka zitatu kapena zinayi, kenako n'kubwera ndi makina a sikani, ofanana ndi aja a amayi oyembekezera, n'kupeza kuti theka la nsomba zake n'zazimuna, zongoyenera kugulitsidwa ngati ndiwo. Chakudya cha zaka zonsezo chapita. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna njira yoswetsera zazikazi zokhazokha, ndipo njira imodzi ndi yosintha makromozomu dzira likangokumana ndi umuna.

Makromozomu ndi timitolo ta DNA, tosunga zomwe mwana amatengera kwa makolo, tomwe tili mu selo iliyonse ya thupi. Munthu ali nawo 46, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Tilapia ya mu Nile ili nawo 44. Nanga sturgeon? Kamtundu kakang'ono kotchedwa sterlet kali nawo pafupifupi 120. Za ku Siberia ndi ku Russia zili nawo 240 mpaka 250, ndipo shortnose ya ku North America ili nawo pafupifupi 360. Makolo a nsombazi anachulukitsa makromozomu awo onse kawiri, mitundu ina n'kubwerezanso. Ambiri mwa makromozomuwo ndi timadontho chabe pa maikulosikopu, moti akatswiri awiri owerenga a nsomba imodzi amatha kusiyana manambala.

Tilowe m'nyumba yoswetsera. Mazira otuwa moderako ali m'beseni. Umuna sauthira momwe ulili; amausungunula m'madzi, gawo limodzi pa magawo 200, chifukwa dzira la sturgeon lili ndi timakomo tingapo tolowera, pomwe nsomba zambiri zili ndi kamodzi. Umuna ukachuluka umalowa wambiri nthawi imodzi, dzira n'kuwonongeka. Pakangopita mphindi zochepa mazira amayamba kumata, pajatu mumtsinje amakakamira pamiyala. M'beseni akamatana amaola, ndiye wogwira ntchito amathira madzi a dongo n'kumatakasa pang'onopang'ono ndi dzanja kapena nthenga, nthawi zina mpaka ola lathunthu. Kutakasa kumeneku mukukumbukire, tibwererako.

Dzira likamatuluka mwa mayi limakhala lisanamalize kugawa makromozomu ake. Umuna ukalowa m'pamene limataya theka lotsala m'kamtolo kotchedwa polar body, kuti malo apezeke a gawo la bambo. Luso lonse lagona pa mphindi zimenezi. Mukaviika mazira m'madzi otentha pa nthawi yake, timaulusi tokoka makromozomu timasokonezeka, ndipo kamtolo kaja sikatayidwa. Pa sturgeon ya ku Siberia, Dorota Fopp-Bayat ndi anzake ku Olsztyn m'dziko la Poland anagwiritsa ntchito madzi a madigiri 37 kwa mphindi ziwiri, patapita mphindi 18 chilowereni umuna. Mukafulumira kapena kuchedwa, kamtolo kathawa. Mukaonjeza moto pang'ono, mwaphika mazira. Ndi ntchito ya wotchi m'dzanja limodzi, choyezera kutentha m'dzanja lina.

Kamtolo kakatsala, mwana amakhala ndi magawo awiri a mayi ndi limodzi la bambo. Ameneyu ndiye triploid. Nthochi zambiri zomwe timadya zili chomwecho, n'chifukwa chake zilibe njere. Oweta nsomba za trout amaikonda njirayi chifukwa nsomba yosabereka imaika mphamvu zonse pa mnofu. Koma wofuna caviar angatani nayo nsomba yosabereka? Phindu lake laonekera kwina. Ku Vodňany m'dziko la Czech Republic, gulu la Martin Pšenička lakhala likuyesa kutenga maselo opanga mazira ndi umuna a mitundu ikuluikulu yomwe ikutha, n'kuwaika mwa sterlet yosabereka, kuti kansomba kokhwima msanga kabereke ana a mnzake wochedwa kukula. Ntchitoyi ikadali ya m'labu.

Njira yolunjika pa zazikazi imatchedwa gynogenesis, ndipo pano bambo amangogogoda pakhomo osalowa m'nyumba. Umuna amauwalitsa ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV mpaka DNA yake itawonongeka, koma ukadali wotha kusambira. Ukafika pa dzira umalidzutsa kuti liyambe kukula, osasiyamo kanthu. Dziralo likanakhala ndi theka lokha la makromozomu n'kufa, choncho amaliviika m'madzi otentha aja kuti lisunge kamtolo kake. Mwana wobadwayo ndi wa mayi yekha. Pa trout, momwe yaikazi ili ndi makromozomu awiri ofanana, XX, ndipo yaimuna ili XY ngati mwa anthu, ana onse amatuluka aakazi.

Pa sturgeon sizinatero. Mu 1999, Alison Van Eenennaam ndi anzake a ku University of California, Davis, analengeza zomwe anapeza pa white sturgeon: pa ana 100 aliwonse opanda bambo, 82 anali aakazi, 18 aamuna. Aamunawo anachokera kuti? Yankho ndi lakuti sturgeon ili ngati nkhuku. Thadzi ndi lomwe lili ndi makromozomu awiri osiyana, Z ndi W, pomwe tambala ali ZZ. Mayi akachulukitsa zake zokha, ana ena amatuluka ZZ, omwe ndi aamuna, ambiri ZW, ndipo ena WW. Ofufuza a ku Japan, Canada ndi Poland atayesa mitundu ina anapezanso zazikazi zochuluka, zazimuna osasowa.

Chiyembekezo chonse chili pa WW ameneyu. Akakula n'kukwatitsidwa ndi yaimuna wamba ya ZZ, ana ake onse ayenera kukhala ZW, aakazi okhaokha. Zikufanana ndi zomwe anachita ndi tilapia yaimuna ya YY, yobereka ana aamuna, kungoti mozondoka. Papepala n'zokoma. M'thanki, ana a gynogenesis ambiri amafa ali aang'ono, ena amapunduka, ndipo opulumuka muwadikire zaka zambiri musanadziwe ngati angabereke. Wofufuza wa tilapia amaona mibadwo ingapo m'zaka zitatu, wa sturgeon akhoza kupuma pa ntchito ataona iwiri.

Kwa ine, chinthu chothandiza mlimi msanga chinabwera mu 2021, pamene Heiner Kuhl ndi anzake a ku bungwe lofufuza za m'madzi la IGB ku Berlin anafalitsa kachidutswa ka DNA kopezeka mwa zazikazi zokha, m'mitundu ingapo ya sturgeon. Tsopano kachidutswa ka chipsepse cha nsomba yaing'ono n'kokwanira kudziwa ngati ndi yaikazi, osadikira zaka za sikani, osatenthetsa dzira lililonse. Kachidutswa ka DNA kaja kamathandizanso ofunafuna WW kudziwa ana oyenera kuwasunga.

Makromozomu a nsomba imeneyi ndi ololera modabwitsa, ndipo ofufuza a ku Szarvas m'dziko la Hungary anaziona ndi maso mu 2019. Ankayesa gynogenesis pa mazira a sturgeon ya ku Russia pogwiritsa ntchito umuna wa paddlefish ya ku America, nsomba ya mphuno ngati nkhafi. Mazira ena anawathira umuna wosawalitsidwa, pongofuna kuyerekezera, ali ndi chikhulupiriro choti palibe chingaswe, poti mabanja awiriwa anasiyana zaka pafupifupi 184 miliyoni zapitazo. Ana anaswa, n'kukula. Jenő Káldy ndi anzake anafalitsa nkhaniyi mu 2020, ndipo atolankhani anaitcha nsombayo sturddlefish. Kusakaniza mitundu ya sturgeon si kwachilendo, pajatu bester, mwana wa beluga ndi sterlet, anapangidwa ku Soviet Union mu 1952. Koma apa panali pakati pa mabanja awiri osiyana.

Kulolera komweku n'komwe kumandidetsa nkhawa, ndiye tibwerere ku beseni lija. Ku California, komanso kumalo oswetsera a mtundu wa anthu a Kootenai ku Idaho m'dziko la America, komwe amaswetsa white sturgeon kuti akabwezeretse mumtsinje, anapeza nsomba zina zili ndi magulu 12 a makromozomu m'malo mwa 8 omwe nsombayi imakhala nawo, ngati triploid uja, popanda wina aliyense kuziviika m'madzi otentha. Kafukufuku wa ku Davis, momwe Andrea Schreier wagwira ntchito yambiri, anaonetsa kuti mazira ochedwa kuchotsedwa mwa mayi atakhwima kale, komanso otakasidwa mwankhanza m'dongo, amatha kusunga kamtolo kaja okha. Ndipo nsomba ya magulu 12 si chumba ngati triploid ya trout, imabereka. Ikakumana ndi ya magulu 8, ana ake amakhala ndi 10, ndipo zazikazi zambiri zotere zimachedwa kapena kulephera kukhwimitsa mazira. Pa famu, ndiye kuti zaka khumi za chakudya zalowa m'madzi. Mumtsinje wa Kootenai, momwe sturgeon zinaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zomwe zikutha mu 1994, ndi kuthira mbewu yokayikitsa pakati pa nsomba zochepa zotsala.

Kuzigwira nsomba zoterezi sikovuta. Selo ya magazi ya nsomba ili ndi phata losunga DNA, ndipo makromozomu akachuluka phatalo limakula. Kadontho ka magazi kochokera kumchira, kakadutsa m'makina otchedwa Coulter counter, kamaonetsa m'mphindi zochepa ngati nsombayo ndi ya 8, 10 kapena 12. Malo oswetsera omwe anaphunzirapo kanthu tsopano amayeza ana asanawatulutse, amachotsa mazira mwa mayi nthawi isanapitirire, ndipo wotakasa m'beseni amauzidwa kuti dzanja lipepuke.