Jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana amafuna nthawi, musamachedwe kunyumba

Ndatopa nako kumva kuti "anandibaya jakisoni woletsa kubereka koma sanagwire". Amayi inu, jakisoni wa dexamethasone amene timabaya matenda akayamba miyezi isanakwane saletsa kubereka ayi. Ntchito yake ndi kukhwimitsa mapapo a mwana ali m'mimbamo, ndipo amafuna nthawi.

Nkhaniyi inayambira pa nkhosa. Mu 1969 dokotala wa ku New Zealand, Graham Liggins, ankafufuza chimene chimayambitsa kubereka, nde ankalowetsa mahomoni a steroid mwa tiana ta nkhosa tisanabadwe. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147 koma zakezo zinkaswa cha pa masiku 120, chodabwitsa nkuti tiana tina timene sitikanatha kupuma tinapezeka kuti m'mapapo mwalowa mpweya. Mankhwala aja anali atafulumizitsa maselo opanga surfactant, timafuta timene timathandiza kuti timatumba ta m'mapapo tisamatirirane mwana akatulutsa mpweya. Kwa akalulu zinaonekanso chimodzimodzi. Mu 1972 iyeyo ndi mnzake Ross Howie anayesa betamethasone, steroid wa gulu limodzi ndi dexamethasone, pa amayi 282 ku Auckland, ana ovutika kupuma anachepa.

Koma nyama zomwezo zinationetsanso mbali ina. Nkhosa zobayidwa mobwerezabwereza zinkabereka tiana tochepa thupi. Insulin, homoni yoyendetsa shuga m'thupi, akachuluka mwa mwana chifukwa cha shuga wa mayi amachedwetsa surfactant, nchifukwa chake timalimbikira kuyeza shuga kusikelo. Nicotine nayenso, pa anyani anasokoneza kakulidwe ka mapapo, nde abambo osutira fodya m'nyumba muli mayi woyembekezera mundimve.

Chimene chimandiwawabe mpaka pano ndi mtsikana wina, mimba yoyamba, masabata 31. Nsupa inasweka Lachisanu usiku, achibale anati tidikire kaye, ena akuti amwe mwanamphepo kuti zithe msanga, anafika kwa ife Lamulungu masana chitenje chili chonyowa, akununkha kale matenda a m'chiberekero. Pamenepo jakisoniyu sitingabayenso, amawonjezera vuto. Mwana anabadwa madzulo omwewo, kamnyamata, kachifuwa kakulowa mkati pakati pa nthiti, kakubuula ndi mpweya uliwonse. Tinakaika pa CPAP, makina othandiza kupuma, sikanafike Lachiwiri. Akanabwera Lachisanu lomwelo tikanakhala ndi pafupifupi masiku awiri, majakisoni anayi a 6 mg motalikirana maola 12, ndi mankhwala oteteza matenda. Masiku awiri basi.

Ndipo chonde musakagule mapilisi a dexa kumsika, aja ena amamwa kuti anenepe, ati mukhwimitse mwana nokha, kapena kubayitsa kwa munthu wa kachikwama m'mudzi amene sadziwa nkomwe kuti mimba ili ndi masabata angati. Kafukufuku amene anatuluka mu 2015, anachitika m'maiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Zambia, anapeza kuti pomwe mankhwalawa ankaperekedwa mosatsimikiza bwino msinkhu wa mimba, imfa za makanda zinakwera. Wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, wa mu 2020, wochitikira m'zipatala zotha kusamala ana obadwa masiku asanakwane, ndi amene anaonetsa kuti amapulumutsa. Nde timabaya pakati pa masabata 24 ndi 34, titapima, titaona kuti mayi alibe matenda m'chiberekero.

Mukaona madzi akutuluka, magazi, kapena msana ndi mimba zikumanga mobwerezabwereza mwezi wanu usanakwane, tengani buku la sikelo munyamuke usiku womwewo, osadikira kuti kuche.