Ndalama zimene banki yadula pa overdraft: ziti zingabwezedwe?

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ku ofesi kwanga kuno ku Kasungu boma kumabwera anthu a dandaulo limodzimodzi. Munthu wagulitsa mabelo ake, pepala la malonda likuonetsa ndalama zakuti, koma zimene wapeza ku akaunti n'zoperewera. Akafunsa pa kauntala amangomuuza kuti akaunti inali ndi ngongole. Bambo wina wa ku Chamama anabwera ndi mapepala ake m'jumbo, nakhala pansi n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine chibadwire sindinakongolepo ku banki. Ngongole imeneyi yatuluka kuti?" Ankanena zoona bambo aja. Koma banki nayo sinaname.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono ndi makalabu a alimi, ndipo nkhani ya overdraft ndimakumana nayo pafupipafupi. Overdraft ndi pamene akaunti yatsika kupitirira pa ziro, ndiye kuti mukugwiritsa ntchito ndalama za banki. Ilipo ya mitundu iwiri. Ina mumachita kupempha: mwini golosale kapena wogula soya ndi mtedza amasainirana ndi banki kuti azitha kutapa mpaka malire akutiakuti. Ina imabwera yokha, ndipo ndi imene inagwira bambo a ku Chamama. Iwo anatapa ndalama zonse msika utatha, akaunti n'kutsala ndi timakwacha towerengeka. Kuyambira pamenepo mpaka msika wina, mwezi uliwonse banki inkadula ndalama yosungira akaunti, ya mauthenga a pafoni, ya khadi. Posowa podula, akaunti inalowa pansi, ndipo pa ndalama zodulidwazo panayamba kumera chiwongola dzanja. Mwezi wotsatira chiwongola dzanja chija chinaphatikizidwa ku ngongole n'kuyamba kubereka nachonso. Ndalama za fodya zitangofika, banki inayamba yatenga zake.

Ena amabwera atawerenga pa intaneti kuti ku Britain anthu anabwezeredwa ndalama zoterezi. N'zoona kuti ambiri anabwezeredwa, koma mu 2009 khothi lalikulu la kumeneko linagamula mokomera mabanki, ndipo malamulo oletsa kulipiritsa kwambiri pa overdraft yosapempha anayamba kugwira ntchito mu 2020. Amenewo ndi malamulo a kwawo. Kalata yokopera pa intaneti yotchula malamulo a ku London siingakuthandizeni pa banki ya pa Kasungu.

Kuno kwathu mfundo yake ndi iyi: banki siibweza ndalama chifukwa choti mwadandaula kuti zachuluka. Imabweza ikaona kuti inadula chinthu chimene simunagwirizane, kapena kuti inalakwitsa masamu. Choncho ntchito yonse yagona pa mapepala awiri, sitetimenti ya akaunti ndi kalata ya mgwirizano. Pemphani sitetimenti ya nyengo yonse imene mukuikayikira, osati kapepala ka pa ATM koonetsa mizere yochepa chabe. Mwina akulipiritsani pang'ono posindikiza, lipirani. Pemphaninso ndandanda wa mitengo ya ntchito za bankiyo wa chaka chimenecho, chifukwa mitengo imasintha ndipo wa chaka chino sungaweruze za chaka chatha.

Masamu ake si ovuta monga anthu amaopera, ndipo apa ndi pamene ndimafuna aliyense achedwepo. Chiwongola dzanja cha overdraft chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama imene muli nayo ngongole tsikulo, koma chimadulidwa kamodzi pa mwezi. Tiyerekeze kuti mwatapa K500,000 ndipo mgwirizano ukuti 36.5 peresenti pa chaka. Pa chaka chonse ndi K182,500, mukagawa ndi masiku 365 mupeza K500 pa tsiku. Mukabweza pakatha masiku 20, chiwongola dzanja chanu ndi K10,000. Mukaona K15,000, banki yakuwerengerani mwezi wathunthu kapena yagwiritsa ntchito peresenti ina, ndipo ikuyenera kufotokoza. Ngati munaika K300,000 pa tsiku lakhumi, kuyambira tsiku limenelo masamu ayenera kuyendera K200,000 yotsalayo, ndiye kuti K200 pa tsiku. Tengani kope la sukulu, lembani tsiku, ndalama yotsala ndi chiwongola dzanja cha tsikulo, mzere ndi mzere. Yang'anitsitsani tsiku limene munaika ndalama pa silipi yanu ndi tsiku limene yalembedwa mu sitetimenti. Zikasiyana ndi masiku atatu, masiku atatuwo mwalipira chiwongola dzanja pa ngongole imene munali mutabweza kale.

Peresenti nayo imafuna diso. Kuyambira mu 2019 mabanki a kuno amawerengera ngongole kuchokera pa mlingo umodzi wotchedwa reference rate, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, kenaka banki iliyonse imaonjezapo gawo lake malinga ndi mmene ikumuonera wokongolayo. Kalata yanu ikati reference rate kuonjezapo 8 peresenti, ndiye kuti mlingowo ukakwera ngongole yanu ikwera, ndipo pamenepo palibe chodandaula. Pamene Reserve Bank of Malawi inakweza policy rate, mlingo wa chiwongola dzanja umene banki yaikuluyi imakhazikitsa, kufika pa 26 peresenti mu February 2024, ngongole zinakwera mtengo kwa aliyense. Koma mlingowo ukatsika, yanunso iyenera kutsika, ndipo 8 uja sayenera kusanduka 11 popanda chifukwa cholembedwa mu mgwirizano.

Zina zimene ndimapeza ndi chindapusa chopyola malire pamene munthu sanapyole, ndalama yokonzera overdraft yodulidwa kawiri, inshuwalansi imene mwini wake sanasainire, ndi stop order (chilolezo choti banki izidula yokha ndalama zobwezera ngongole) yopitirirabe ngongole ya zipangizo za ulimi itatha kale. Izi n'zimene zimabwezedwa. Ndipo musaiwale kupempha chiwongola dzanja chimene chinamera pa ndalama yolakwikayo. Anthu ambiri amasangalala akabwezeredwa K20,000 yodulidwa molakwika, osadziwa kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi yakhala ikuwaberekera ngongole ina.

Dandaulo likhale lolemba. Chimandipweteka kwambiri ndi kuona mayi wachokera ku Santhe kapena ku Nkhamenya, walipira thiransipoti katatu, ulendo uliwonse akuuzidwa pakamwa kuti "tikuziona, mubwerenso," ndipo m'manja mulibe umboni woti anadandaulapo. Lembani kalata kwa manijala wa nthambi, m'Chichewa momwemo ngati ndi chimene mumatha. Tchulani nambala ya akaunti, tsiku, ndalama imene inadulidwa, chifukwa chimene mukuti n'kulakwitsa, ndi ndalama yeniyeni imene mukufuna ibwerere. Pangani makope awiri, ina aidinde n'kukubwezerani. Mapepala enieni sungani kunyumba, ku banki perekani mafotokope.

Banki ikakana kapena ikangokhala chete, pali kokasuma. Malinga ndi Financial Services Act ya 2010, gavanala wa Reserve Bank ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala, koma amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu. Apa ndi pamene kalata yodindidwa ija imagwira ntchito. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalo limamva nkhani za malonda opondereza ogula. Khothi ndi njira yomaliza, ndipo milandu ya mgwirizano ili ndi malire a zaka zisanu ndi chimodzi, kotero nkhani yakale musaigoneke. Pamene mukudikira, musaithawe akauntiyo. Ngongole yosiyidwa imakulabe, ndipo dzina lanu likhoza kukafika ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2010. Mudzazindikira tsiku limene mukufuna ngongole ya feteleza n'kukanidwa.

Bambo a ku Chamama aja titakhala nawo pansi tinapeza kuti zambiri zimene anadulidwa zinali mu mgwirizano umene anasaina potsegula akaunti, ngakhale palibe anawawerengera. Ndinawauza mosabisa kuti zimenezo sizibwera ngati ufulu wawo, koma atha kupempha manijala kuti awachotsereko, poti ngongole yonse inabadwa ndi zodula za banki yomweyo osati ndalama imene iwo anadya. Pempho lotere nthawi zina limamveka, makamaka kwa kasitomala wakale. Ine ndimaona kuti banki yosamala anthu ake iyenera kuchenjeza mlimi akaunti isanalowe pansi, chifukwa imadziwa bwino kuti ndalama zake zimabwera kamodzi pa chaka. Tinapezanso ndalama ya khadi yodulidwa kawiri mwezi umodzi, ndipo imeneyo inabwezedwa pamodzi ndi chiwongola dzanja chake. Asananyamuke tinawerengera zodula za miyezi isanu ndi itatu ya pakati pa misika, kuti chaka chino potapa za fodya asiyemo ndalama yokwanira imeneyo, ndipo anakafunsanso ngati bankiyo ili ndi akaunti yosungira chabe yopanda zodula za mwezi ndi mwezi.